Momwe mungafufuzire mbiri ya makolo ochokera ku Jamaica ndi zilumba zina za Caribbean

Munthu amene makolo ake anachokera ku zilumba za Caribbean akafuna kulondola mzere wa banja lake amakumana ndi vuto lalikulu, chifukwa kwa zaka pafupifupi 200 ambiri mwa makolowo ankalembedwa m'mabuku ngati katundu wa munthu wina, mayina awo ankasinthidwa, ndipo mabanja ankamwazidwa pogulitsidwa. Komabe zolembedwa zilipo zambiri kuposa mmene anthu amaganizira, ndipo zochuluka zikupezeka pa intaneti. Malangizo awa ndi a aliyense wofuna kuyamba ntchitoyi, kuphatikizapo Amalawi ndi anthu a ku Zambia okhala ku London, Birmingham kapena Manchester amene anakwatira kapena kukwatiwa m'mabanja ochokera ku zilumbazi, omwe ana awo tsopano akufunsa za kuchimuna ndi kuchikazi komwe. Ndatenga Jamaica ngati chitsanzo chachikulu, popeza ndiko kunachokera ambiri mwa anthu a ku Caribbean okhala ku Britain, koma njira yake ndi yofanana pa zilumba zina zimene zinkalamulidwa ndi Angerezi.

Mfundo imodzi muyenera kuigwira kuyambira pachiyambi: bwererani m'mbuyo m'badwo umodziumodzi, ndipo pa m'badwo uliwonse funafunani malo enieni amene munthuyo ankakhala. Dzina lokha silingakufikitseni patali, chifukwa ku Jamaica kuli anthu zikwizikwi otchedwa Brown, Williams kapena Campbell amene sali pachibale n'komwe. Chimene chimasiyanitsa agogo anu ndi anthu ena a dzina lomwelo ndi mudzi, parishi (chigawo cha dziko, chofanana ndi boma laling'ono) ndi esiteti.

Yambani ndi akuluakulu amene ali moyo

Musanatsegule kompyuta, khalani pansi ndi agogo, azakhali, amalume ndi anzawo akale a kutchalitchi. Anthu amene anafika ku Britain m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 tsopano ndi okalamba kwambiri, choncho ntchito imeneyi siyofunika kuizengereza. Pemphani chilolezo choti mujambule mawu awo pa foni, ndipo musawapanikize ndi mafunso a madeti, chifukwa munthu wachikulire sakumbukira chaka mosavuta koma amakumbukira zochitika. Mukafunsa kuti anali wamkulu bwanji pamene mphepo yamkuntho ya Charlie inawomba Jamaica mu 1951, kapena ndani anali atamwalira kale pamene kunabwera Gilbert mu 1988, mupeza chaka chimene simukanachipeza mwanjira ina.

Funsani dzina la mudzi, osati la tauni yaikulu yokha. Munthu akati anachokera ku Kingston, kawirikawiri ndiye kuti anakwerera sitima kumeneko kapena anagwirako ntchito zaka zochepa, pamene kwawo kwenikweni ndi kumudzi wina wa ku St Elizabeth, Clarendon kapena Trelawny. Funsaninso mpingo umene banjalo linkapemphera, sukulu imene ankapita, ndi kumene makolo anaikidwa. Funso la manda ndi lofunika kwambiri, chifukwa mabanja ambiri akumidzi ku Jamaica ali ndi malo a banja amene sagulitsidwa, ndipo akufa amaikidwa pamalo pomwepo kuseri kwa nyumba. Ziliza za pamalo oterowo nthawi zina zimakhala ndi mayina a mibadwo itatu kapena inayi.

Chenjerani ndi mayina. Anthu ambiri a ku Jamaica amadziwika pakhomo ndi dzina losiyana kotheratu ndi lolembedwa m'kaundula wa boma, moti ana angathe kuika mayi wawo m'manda asanadziwe dzina limene analembetsedwa nalo atabadwa. Pa munthu aliyense lembani dzina lapakhomo, dzina la ubatizo, ndi dzina la bambo ake la mkazi asanakwatiwe. Pemphaninso kuona zimene zili m'masutukesi akale: mapasipoti, makalata, Baibulo la banja, zithunzi zolembedwa kuseri, komanso timapepala ta mwambo wa maliro, timene kawirikawiri timakhala ndi mbiri ya malemu ndi mayina a abale ake onse.

Zolembedwa za ulendo ndi za ku Britain

Ngati banjalo lili ku Britain, gawo lachiwiri ndi kusonkhanitsa ziphaso za kubadwa, za ukwati ndi za imfa kuchokera ku General Register Office, ofesi ya boma yosunga ziphasozi za ku England ndi Wales. Chiphaso cha ukwati chimatchula dzina la bambo wa mkwati ndi la bambo wa mkwatibwi pamodzi ndi ntchito zawo, ndipo ziphaso za kubadwa za ku England kuyambira 1969 zimasonyeza kumene makolo a mwanayo anabadwira.

Kenako funafunani mindandanda ya anthu okwera sitima zapamadzi. The National Archives, malo osungira zolembedwa za boma la Britain ku Kew mu London, amasunga mindandanda ya ofika ku Britain kuyambira 1878 mpaka 1960 pansi pa nambala ya BT 26, ndipo mungaifufuze pa Ancestry, tsamba la pa intaneti lofufuzira mbiri ya mabanja. Mndandanda wotchuka kwambiri ndi wa Empire Windrush, imene anthu ake anatsika padoko la Tilbury pa 22 Juni 1948. Inanyamula anthu 1,027, ndipo 802 mwa iwo ananena kuti ankakhala ku Caribbean. Pamndandanda wotere mupeza dzina, zaka, ntchito ndi adiresi imene munthuyo ankapita kukafikira. Mukapanda kupeza dzina la agogo musataye mtima, chifukwa obwera pandege sanalembedwe m'mabuku amenewa, ndipo ena anatsikira m'madoko a ku Ulaya n'kumaliza ulendo pa sitima yapamtunda. Makadi amene anthu ankadzaza pofika anawonongedwa ndi boma la Britain mu 2010, ndipo kusowa kwa umboni wotere kunazunzitsa anthu ambiri pa nkhani yochititsa manyazi imene inaululika mu 2018, pamene okalamba amene anakhala m'dzikomo movomerezeka kwa zaka zambiri ankachotsedwa ntchito, kumanidwa chithandizo cha kuchipatala, ena mpaka kuthamangitsidwa.

Kaundula wa boma ku Jamaica

Apa ndi pamene ntchito imayamba kupatsa zipatso. Boma la Jamaica linayamba kulemba kubadwa ndi imfa mu 1878, ndipo maukwati mu 1880. Mabuku enieniwo ali ku ofesi ya Registrar General ku Twickenham Park pafupi ndi Spanish Town, koma zithunzi za masamba ambiri zili pa tsamba la pa intaneti la FamilySearch, kumene mungawerenge ulere mukangolembetsa dzina. Musakhutire ndi chidule chimene kompyuta imakusonyezani. Tsegulani chithunzi cha tsamba lenilenilo ndi kuwerenga bokosi lililonse, chifukwa mfundo zofunika kwambiri nthawi zambiri sizikhala m'chidulecho.

Tsamba la kubadwa limasonyeza tsiku ndi malo, dzina la mwana, dzina la bambo ndi ntchito yake, dzina la mayi, ndi munthu amene anakanena za kubadwako. Ngati makolo sanali pa ukwati wolembetsa, zimene zinali zofala kwambiri, bokosi la bambo limakhala lopanda kanthu ndipo mwana amalembedwa pa dzina la mayi, ngakhale kuti moyo wake wonse anagwiritsa ntchito dzina la bambo. N'chifukwa chake munthu amene mukumufuna mungamusowe kwa nthawi yaitali mukamafufuza ndi dzina limene mumamudziwa nalo. Fufuzani ndi dzina la mayi ndi dera. Nthawi zinanso mwana ankalembedwa asanapatsidwe dzina, moti pamangokhala chizindikiro choti ndi wamwamuna kapena wamkazi. Yang'anani mwachidwi bokosi la wokanenayo. Kawirikawiri amakhala agogo aakazi kapena azakhali amene analipo pochira, ndipo m'malo mosaina anangoika kamtanda, pambali pake mlembi n'kulemba dzina lawo ndi mudzi wawo. Kamtanda kameneko kangakupatseni m'badwo wina wathunthu.

Sonkhanitsani masamba a ana onse a mayi mmodzi, osati a kholo lanu lokha, chifukwa chimene chinasiyidwa pa mwana woyamba chingapezeke pa mwana wachisanu. Masamba a imfa amathandiza mwanjira ina: munthu amene anamwalira mu 1895 ali ndi zaka 80 anabadwa cha m'ma 1815, kutanthauza kuti anabadwa pa nthawi ya ukapolo ndipo, ngati anali kapolo, dzina lake liyenera kupezeka m'makaundula a akapolo. Koma zaka zolembedwa pa imfa zinkangoyerekezedwa ndi abale, choncho siyani mpata wa zaka zisanu kapena khumi mbali zonse ziwiri.

Dziwaninso kuti malire a maparishi anasintha. Lero Jamaica ili ndi maparishi 14, koma zaka za m'ma 1860 zisanathe analipo 22. Vere analowa mu Clarendon, St John, St Dorothy ndi St Thomas in the Vale analowa mu St Catherine, Metcalfe analowa mu St Mary, ndipo St David anaphatikizidwa ndi St Thomas in the East. Mukamafufuza zaka za m'mbuyo, gwiritsani ntchito dzina lakale la parishi. Zilumba zina zinayamba kaundula wa boma pa zaka zosiyanasiyana, choncho yambani mwafufuza chaka cha chilumba chanu.

Mabuku a mipingo

Chaka cha 1878 chisanafike, chodalira chanu chachikulu ndi mabuku a ubatizo, ukwati ndi maliro. Mpingo wa Anglican unali mpingo wa boma ku Jamaica mpaka 1870, ndipo makope a mabuku ake kuyambira 1664 ali pa FamilySearch. Koma anthu ambiri akuda ankapemphera kwina. A Moravian anafika mu 1754, a Methodist mu 1789, ndipo ntchito ya Baptist inayambitsidwa m'zaka za m'ma 1780 ndi George Liele, mlaliki wakuda wochokera ku America, amishonale a ku England asanafike mu 1814. Mabuku a mipingo imeneyi ena ali ku Jamaica Archives ku Spanish Town, ena akadali m'matchalitchi momwemo, pamene makalata ndi malipoti a amishonale a Baptist ali ku Angus Library ku Oxford ndipo a Methodist ali ku SOAS ku London.

Zaka za pakati pa 1838 ndi 1878 ndi zimene zimavuta kwambiri, chifukwa anthu omasulidwa anachoka m'maesiteti n'kukagula timalo tawo. Ambiri anakhazikika m'midzi yatsopano imene amishonale anathandiza kuyambitsa, monga Sligoville, umene James Phillippo anauyambitsa mu 1835. Ngati makolo anu anachokera m'mudzi wotere, funafunani zikalata zogulira malo ku Island Record Office, ndipo onani maesiteti amene anazungulira mudziwo, popeza anthu ambiri sanapite kutali ndi kumene ankagwira ukapolo. Mapu amene James Robertson anasindikiza mu 1804 amasonyeza maesiteti a ku Jamaica ndi mayina awo, ndipo National Library of Scotland inawaika pa intaneti.

Makaundula a akapolo

Britain inaletsa malonda otenga anthu ku Africa mu 1807, koma ukapolo weniweniwo unapitirira mpaka pa 1 Ogasiti 1834, ndipo ngakhale pamenepo anthu anakakamizidwa kugwirabe ntchito kwa ambuye awo akale mpaka pa 1 Ogasiti 1838. Pofuna kuletsa kulowetsa akapolo mozemba, eni akapolo analamulidwa kulembetsa munthu aliyense amene anali naye. Trinidad inayamba mu 1813, ndipo Jamaica inalemba mu 1817, 1820, 1823, 1826, 1829 ndi 1832. Makope a mabuku amenewa ali ku Kew pansi pa nambala ya T 71, ndipo akupezeka pa Ancestry.

Kaundula wa 1817 ndi amene ali ndi mayina a anthu onse. Amuna ndi akazi analembedwa payekhapayekha, ndipo pa munthu aliyense pali dzina, mtundu wa khungu, zaka, ndiponso ngati anabadwira ku Africa kapena pachilumbapo. M'mphepete mwa tsamba, makalaliki ambiri analemba dzina la mayi wa munthuyo ngati mayiyo anali pa esiteti yomweyo. Dzina la bambo silinkalembedwa, chifukwa lamulo linkati mwana amatsata mayi ake pa ukapolo. Makaundula a zaka zotsatira amangosonyeza zimene zasintha: amene anabadwa, amene anamwalira, amene anagulidwa kapena kugulitsidwa, amene anamasulidwa, ndi amene anathawa. Choncho muyenera kuwerenga mabuku onse a mwini mmodzi motsatizana kuti muone moyo wa munthu mmodzi. Makaundula a ku Trinidad ndi St Lucia ali ndi zambiri kuposa a ku Jamaica, chifukwa amaika anthu m'mabanja awo ndi kutchula kutalika, ntchito ndi mphini za pathupi.

Kuwerenga masamba amenewa n'kowawa, ndipo ndi bwino kudziwiratu zimenezo. Mudzaona mwana wa zaka zitatu atalembedwa pansi pa mutu wa zoonjezereka, ndi mayi wachitsikana pansi pa mutu wa zochotsedwa, monga mmene munthu amawerengera ziweto. Werengani pang'onopang'ono, ndipo lembani dzina lililonse la pa esitetiyo, osati lokhalo limene mukulifuna, chifukwa anthu amenewo ndi amene anadzakhala anansi, mboni za maukwati ndi apongozi a makolo anu pambuyo pa 1838.

Vuto lalikulu ndi kulumikiza dzina la mu ukapolo ndi dzina la mu ufulu. M'makaundula mupeza mayina amodziamodzi, ena achingerezi, ena ochokera kwa anthu a Akan a ku Ghana ya lero, amene amatcha mwana motsatira tsiku lobadwa: Cudjoe ndi Juba a Lolemba, Cuffee ndi Phibba a Lachisanu, Quashee ndi Quasheba a Lamulungu. Mlatho wake ndi ubatizo. M'zaka za m'ma 1810 ndi 1820 akapolo ambiri anabatizidwa, ndipo m'mabuku ena abusa analemba dzina lakale, dzina latsopano ndi esiteti pamzere umodzi, pamenenso makaundula ena ali ndi mayina onse awiri moyandikana. Mukapeza mzere wotere mwawoloka khoma limene anthu ambiri amaganiza kuti silingawolokedwe.

Ndikuchenjezani mwamphamvu pa chinthu chimodzi: musafulumire kunena kuti popeza banja lanu ndi la Campbell, ndiye kuti makolo anu anali akapolo a mzungu wotchedwa Campbell, kapena kuti ndinu mdzukulu wake. Ena anatengadi dzina la mwini esiteti, koma ena anatenga la kapitawo, la mlembi wa pa esiteti, la mbusa, la mboni ya ubatizo, kapena dzina limene anangolikonda. Ana a mayi mmodzi ankatha kukhala ndi mayina osiyana. Umboni wa malo ndi umene uyenera kutsogolera, dzina libwere pambuyo kudzatsimikizira.

Zolembedwa za eni akapolo

Popeza akapolo ankaonedwa ngati chuma, mayina awo amapezeka m'mapepala a eni ake. Pamene ukapolo unathetsedwa, boma la Britain linapereka chipukuta misozi cha mapaundi 20 miliyoni kwa eni akapolo, pamene anthu oposa 300,000 amene anamasulidwa ku Jamaica sanalandire kalikonse. Akatswiri a ku University College London anasonkhanitsa zolembedwa za malipirowa m'nkhokwe yaulere ya pa intaneti yotchedwa Legacies of British Slavery. Mukalemba dzina la esiteti, mupeza eni ake pa zaka zosiyanasiyana, chiwerengero cha akapolo, ndalama zimene zinalipidwa, ndi nambala ya tsamba la mu T 71 limene muyenera kutsegula. Mukadziwa mwini wake, funafunani wilo yake ndi mndandanda wa katundu wake atamwalira ku Jamaica Archives, komanso mabuku a anthu omasulidwa ukapolo usanathe. Mabanja ambiri a eni maesiteti ankakhala ku Bristol, Liverpool, Glasgow ndi London, choncho makalata ndi mabuku a maesiteti awo nthawi zambiri amapezeka m'malo osungira zolembedwa zakale a m'mizinda ndi m'maboma a ku Britain. Nyuzipepala ya The Gleaner, imene inayamba mu 1834, ili ndi zidziwitso za maliro, milandu ya malo ndi nkhani za m'midzi zimene zingadzaze mipata yotsala.

Ngati makolo anachokera kwina kapena anapita kwina

Si onse a ku Caribbean amene mzere wawo umadutsa m'makaundula a akapolo. Ukapolo utatha, maesiteti anayamba kutenga antchito a kontilakiti ku India: oyamba anafika ku British Guiana mu 1838, ku Trinidad ndi Jamaica mu 1845, ndipo dongosololi linatha mu 1917. Ziphaso zawo zonyamukira zimatchula dzina la munthu, la bambo ake, ndi mudzi wa ku India, ndipo zambiri zikusungidwa m'malo osungira zolembedwa a boma ku Georgetown ndi ku Port of Spain. Kuti muzipeze mufunika dzina la sitima kapena chaka chofikira. Kunabweranso anthu a ku China, Apwitikizi a ku Madeira, ndi Aafirika opulumutsidwa m'sitima za akapolo amene anadzera ku Sierra Leone ndi St Helena.

Kholo likasowa mwadzidzidzi m'mabuku a ku Jamaica kapena Barbados chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ganizirani za ngalande ya Panama imene inakumbidwa pakati pa 1904 ndi 1914, minda ya nthochi ya ku Limón ku Costa Rica, minda ya nzimbe ya ku Cuba, kapena gulu la asilikali la British West Indies Regiment limene linakhazikitsidwa mu 1915. Pa zilumba za Afalansa monga Martinique ndi Guadeloupe, ukapolo unatha mu 1848 ndipo omasulidwa anapatsidwa mayina a banja m'mabuku apadera. Zolembedwa zambiri za zilumbazi zili ku Aix-en-Provence. Ku Suriname ndi Curaçao unatha mu 1863, ndipo makaundula ake a akapolo anaikidwa pa intaneti.

Kufika ku Africa ndi nkhani ya DNA

N'kovuta kwambiri kupeza sitima yeniyeni imene inanyamula kholo lanu, chifukwa amalonda a akapolo ankalemba chiwerengero osati mayina. Nkhokwe ya SlaveVoyages ili ndi maulendo oposa 36,000, ndipo imasonyeza kuti anthu pafupifupi 12.5 miliyoni anakwezedwa m'sitima ku Africa, pamene amene anafika amoyo anali pafupifupi 10.7 miliyoni. Ngati kholo lanu linalembedwa mu 1817 kuti linabadwira ku Africa ndipo linali ndi zaka 30, mungaone madoko amene sitima zofika ku Jamaica zinkachokera m'zaka zomalizira 1807 isanakwane. Ambiri opita ku Jamaica anatengedwa ku magombe a Ghana, Nigeria, Congo ndi Angola a lero. Chigawo chathu chino cha kum'mwera kwa Africa chikukhudzidwanso, chifukwa sitima za Afalansa zinatenga anthu ku Mozambique kupita nawo ku Saint-Domingue, imene lero ndi Haiti, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, ndipo pambuyo pake ena ochokera ku doko la Quelimane anatengeredwa ku Cuba ndi Brazil.

Kuyeza DNA kumathandiza, koma gwiritsani ntchito moyenera. Maperesenti a mayiko amene makampani amapereka ndi kuyerekeza chabe, ndipo amasintha kampani ikawonjezera anthu oyerekezera nawo. Chothandiza kwambiri ndi mndandanda wa abale amene magazi anu akufanana nawo, chifukwa mukaona kuti angapo mwa iwo makolo awo anachokera m'mudzi umodzi wa ku St Ann kapena Westmoreland, mwapeza poyambira kufufuza m'mabuku. Yezani wamkulu kwambiri m'banjamo poyamba, atavomera yekha mutamufotokozera bwino, popeza iye ali pafupi ndi makolo akale kuposa inu. Konzekeraninso kuti zotsatira zingaulule bambo amene sanatchulidwepo kapena magazi a ku Ulaya ochokera ku nkhanza zimene akazi ankachitiridwa m'maesiteti, ndipo kambiranani ndi akuluakulu a banja musanaike zinthu zotere poyera.

Pa mfundo iliyonse imene mwapeza, lembani buku, parishi, chaka ndi nambala ya tsamba, ndipo sungani chithunzi chake m'malo awiri osiyana. Siyanitsani zimene mwaona ndi maso anu m'buku ndi zimene mukungoganizira, ndipo musakopere mizere ya mabanja imene anthu ena anaika pa intaneti musanatsimikizire nokha. Mukakonza ulendo wopita ku Spanish Town kapena ku Kew, lemberani ofesiyo pasadakhale kuti mudziwe masiku otsegulira ndi ziphaso zofunika polowa, ndipo pitani ndi manambala a mabuku amene mukufuna atalembedwa kale.